Chikande chikutha ku dambo, koma musathamangire kugwira mayi wa khasu

Ulendo wapitawu nditapita kumudzi kwathu ku Kasungu ndinapempha azakhali kuti andikonzere chikande, ndinali nditachisowa zedi, ndipo yankho lomwe anandipatsa mpaka pano likundizungulirabe m'mutu. Anati, "Mwana wanga, chikande cha kudambo kwathu kuno chinatha kale, tikachifuna timachita kugula kwa anthu obwera nacho kutali." Dambo lomwe akunenalo ndikulidziwa bwinobwino, ndi lomwe lija tinkadutsa popita kusukulu, madzi akutilekeza m'mawondo mwezi wa Febuluwale, ndipo m'mbali mwake munkakhala timaluwa toima njo pakati pa udzu, tina tofiirira tina toyera tina tachikasu, tonse pa kamtengo kamodzi kowongoka ngati kandulo. Ife ana sitinkadziwa kuti timaluwa timeneti ndi chikande chomwe tinkalimbirana madzulo ndi chinthu chimodzi. Tinkangothyola n'kumaseweretsa basi. Pano ndapitako, theka la dambolo ndi madimba a tomato ndi kabichi, theka linalo ng'ombe zinapondaponda mpaka pansi panauma gwa, duwa lija olo limodzi sindinalione.

Nde ndikufuna ndilankhulepo, chifukwa nkhani imeneyi ikamakambidwa imangothera pa mawu awiri, ena amati aletse chikande, ena amati aaa ndi zakutchire izi Mulungu anatipatsa sizingathe. Onse awiriwa ine sindikugwirizana nawo.

Poyamba tidziwe kaye chomwe tikudyacho. Chikande, chomwe abale athu akumpoto amati chinaka, ku Zambia amati chikanda, ku Tanzania kinaki, chimachokera ku timbatata ta maluwa a banja lomwe azungu amalitcha orchid. Anthu ambiri akamva dzina limeneli amaganiza za maluwa odula aja amaika m'mahotela ndi m'maofesi, omwe kwawo kwenikweni ndi pa nthambi za mitengo. Koma alipo ena omera pansi m'nthaka, m'madambo ndi m'mapiri a udzu, ndipo amenewa ndi amene timadya ifewa. Akatswiri a zomera amawaika m'magulu angapo, Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis, koma omwe amakumbidwa kwambiri ndi Disa ndi Satyrium. Gulu la Disa lili ndi mitundu pafupifupi 180 ndipo pafupifupi yonse ndi ya mu Africa muno, yambiri kummwera. Dzinali analipereka ndi katswiri wa ku Sweden, Peter Jonas Bergius, mu 1767, atalongosola duwa lofiira la pa Table Mountain ku Cape Town, lija amati Disa uniflora. Ku South Africa duwa limenelo amalinyadira koopsa, anthu amakwera phiri kukangoliona likachita maluwa m'mbali mwa timitsinje, ndipo gulugufe wa mtundu umodzi wokha wa m'phirimo wokonda zofiira ndi amene amanyamula mungu wake. Achibale ake a duwa lomwelo ali kuno kwathu, ena mpaka anatengera maina a malo athu, pali Disa zombica wa dzina la Zomba, pali Disa nyikensis wa dzina la Nyika. Taonani, dzina la Zomba ndi la Nyika lili m'mabuku a zomera dziko lonse lapansi chifukwa cha duwa lomwe ife timangoliona ngati ndiwo.

Ndipo kukhala ndiwo si cholakwa ayi, izi ndinene momveka. Ine chikande ndimachikonda ndipo sindichita nacho manyazi. Ndimakumbukira mmene agogo ankakonzera, timbatata tija ankatitsuka n'kutiyanika pa lichero, kenako mu mtondo, kusinja mpaka tisanduke ufa wonata pang'ono. Pamoto pali mpoto wa madzi ndi nsinjiro, mchere, tsabola pang'ono, kenako ufa wa chikande uja kuwaza pang'onopang'ono uku mthiko ukuzungulira osaima, chidulo cha phulusa n'kuthiramo, mtundu n'kusintha kukhala wofiirira ngati nyama. Zikalimba mpaka mthiko kumakanika, ankasalaza pamwamba ndi dzanja lonyowa, kuvundikira, makala amoto pamwamba pa chivundikiro. Chikazizira amachitembenuza pa mbale chili gwa ngati keke, kudula ndi mpeni, ukaluma chimakhala ngati chikukankha mano pang'ono, fungo la mtedza ndi la dothi la kudambo. Miyezi yomwe nyama kunalibe, mwana amadya nsima ndi chimenechi n'kugona mimba ili tswii. Munthu amene sanadyepo chimenechi asandiuze kuti n'chinthu chongoletsa ndi kalata ya ku Lilongwe.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ambiri odya ndi ogulitsa sachidziwa, ndipo n'chimene nkhani yonse yagonapo. Chikande sichilimidwa. Sichili ngati mbatata yoti udula kholowa n'kubzala pa mzere, sichili ngati chinangwa chongozika phesi. Njere za maluwa amenewa n'zazing'ono ngati fumbi, kamphepo kakangowomba zimauluka zikwizikwi, koma mkati mwake mulibe chakudya choti kambewu kayambire moyo ngati mmene zilili ndi chimanga kapena nyemba. Kuti kanjereko kamere kamayenera kugwera pamalo pomwe m'nthakamo muli mtundu woyenera wa bowa, osati bowa wa ndiwo uja, koma tiulusi ta bowa tosaoneka ndi maso tomwe timalowa m'kanjereko n'kumakadyetsa. Popanda bowa ameneyo kanjereko kamangofa. Ndipo ngakhale kamere, pamatenga zaka kuti kafike pochita duwa. Nde munthu ukalima dambo n'kupanga mizere, kuthira feteleza, kukumba ngalande kuti madzi achoke, sunangochotsa maluwa omwe ukuwaonawo ayi, wasokoneza ndi nthaka yomwe ikanameretsa ena, moti ngakhale utalisiya dimbalo zaka zingapo sizikutanthauza kuti chikande chibwerera.

Chinanso, chomera chilichonse chimakhala ndi timbatata tochepa kwambiri, nthawi zambiri tiwiri. Kamodzi ndi kakale, kofota, komwe kadyetsa tsinde ndi maluwa a chaka chino. Kenako ndi katsopano, kolimba, komwe kasunga chakudya cha chaka cha mawa, chilimwe chonse chomeracho chimagona pansi m'kambatata kameneko kudikira mvula. Wokumba amafuna katsopanoko chifukwa ndi komwe kali ndi ulimbo uja wolimbitsa chikande. Ndiye kuti ukachotsa kameneko wachotsa chaka cha mawa chonse cha chomeracho. Ukakumba maluwa asanakhwimitse njere, wapha mayi ndi ana omwe pakamodzi. Keke imodzi ya chikande imadya timbatata tambirimbiri, kambatata kalikonse ndi chomera chathunthu, nde tangowerengani nokha kuti thumba lodzaza lomwe lakwera pa lole muli madambo angati mmenemo.

Nanga bwanji makolo athu anadya chikande zaka zonsezi osatha? Funso limeneli amandifunsa anthu amene amati zakutchire sizitha, ndipo ndi funso labwino. Yankho lake n'lakuti ankakumba cha mpoto umodzi. Agogo ankapita ndi kakhasu kakutha ndi kambale, kukumba tokwana ndiwo za masiku awiri atatu, tsinde ndi kambatata kakale kaja ankabwezera m'dzenje n'kupondera ndi chidendene, ndipo malo omwe akumba chaka chino chaka chinacho sankabwererapo. Sankatchula mawu akuluakulu a zachilengedwe, ankangoti "tisiyeko za mawa." Anthu analinso ochepa, madambo ali mbwee. Chomwe chasintha si kamwa la munthu wakumudzi, chasintha ndi msika.

Msika umenewu likulu lake ndi Zambia. Chikanda chinali chakudya cha Abemba ndi mitundu ina ya kumpoto kwa dzikolo, chakudya cha anthu osauka chomwe a m'tauni ankachinyoza. Kenako chinalowa m'tauni, ku Copperbelt, ku Lusaka, chinayamba kugulitsidwa m'misika, m'mabala, pa maukwati, mpaka m'masitolo akuluakulu ndi m'mahotela, anachipatsa ndi dzina lachizungu loti African polony. Pitani pa msika wa Soweto ku Lusaka mukaone milu ya timbatata. Madambo a ku Zambia atayamba kuchepekedwa, amalonda anayamba kuwoloka malire, ku Tanzania, ku Congo, ku Angola, ndi kuno kwathu. Kafukufuku yemwe Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi anatulutsa mu 2003 anapeza kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka m'mapiri a kummwera kwa Tanzania chaka chilichonse kupita ku Zambia, njira yake yaikulu ndi pa boda ya Tunduma ndi Nakonde. Zimenezo ndi zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo anthu odya chikanda m'matauni sanachepe kuchokera nthawi imeneyo. Nakonde ndi Chitipa ndi pafupi, Lundazi ndi Mzimba ndi pafupi, Chipata ndi Mchinji ndi khomo ndi khomo, nde musaganize kuti njala ya msika umenewo imaima pa chipilala cha malire.

Chizindikiro choti zinthu zikutha amalonda enieniwo amachidziwa kuposa tonsefe. Ku Zambia amasiyanitsa chikanda chenicheni chomwe amati myala ndi china chosalimba bwino chomwe amati mbwelenge, ndipo amasakaniza kuti katundu achuluke. Munthu susakaniza katundu wabwino ndi wachabechabe ngati wabwinoyo akupezeka mosavuta. Mitundu yomwe kale anthu ankaidutsa osaiyang'ana n'komwe pano ikukumbidwa nayonso, ndipo okumba akuyenda mitunda italiitali kuposa kale.

Apa ndi pomwe Nyika ikulowera. Amene simunafikeko, tangoganizani mapiri a udzu osatha, okwera kupitirira mamita 2,000, nsonga ya Nganda ikupitirira mamita 2,600, kuzizira koti Juni madzi amaundana m'mawa, nkhungu ikuyenda pansi ngati utsi. Nyika ndi paki yoyamba komanso yaikulu kuposa zonse m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo m'menemo muli mitundu ya maluwa a orchid yoposa 200. Dziko lonse la Malawi lili ndi mitundu pafupifupi 400, ndiye kuti theka lake lili pa phiri limodzi limeneli. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, mvula ili pakati, m'madambo a pamwamba paja mumakhala ngati wina wayala chitenje, Disa erubescens wa mtundu wa moto, Disa robusta, ma Satyrium oyera ndi ofiirira okhala ndi timichira tiwiri kumbuyo kwa duwa lililonse. Alendo ambiri amapita ku Chelinda, malo ofikira alendo m'pakimo, m'chilimwe kukaona mbidzi ndi nyama zina, koma amene amadziwa za maluwa amapirira matope a msewu wochokera ku Rumphi nthawi ya dzinja chifukwa cha timaluwa timeneti. Ndipo malo oterewa ndi omwe atsala ndi chikande chambiri madambo a m'midzi atatha, nde n'zosadabwitsa kuti okumba amalowa mpaka m'pakimo.

Anzathu a ku Tanzania anaona zimenezi msanga. Phiri la Kitulo, lomwe eni ake amalitcha Bustani ya Mungu, kutanthauza dimba la Mulungu, analisandutsa paki mu 2005 makamaka chifukwa cha maluwa ake, ndipo inali paki yoyamba m'chigawo chotentha cha Africa kukhazikitsidwa pofuna kuteteza zomera osati nyama. Ndimawapatsa ulemu pa zimenezo. Koma mpanda wa paki pawokha suthetsa msika, okumba amangosunthira ku phiri lina lomwe lilibe alonda, kapena amalowa usiku.

Tsono ndifike kwa anzanga amene amati njira ndi kuletsa ndi kumanga. Malamulo alipo kale abale. Maluwa onse a orchid ali pa mndandanda wa pangano la mayiko la CITES, kutanthauza kuti kuwolotsa malire timbatata timeneti popanda chilolezo n'kulakwa, ndipo Malawi, Zambia ndi Tanzania onse anasaina panganolo. Kukumba chilichonse m'paki popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lamulo lathu la mapaki ndi nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017. Nde vuto si kusowa kwa lamulo. Vuto ndi loti lamulo likafika kumudzi limagwera munthu wofooka. Amene amapezeka ali ndi matope m'miyendo ndi khasu m'manja ndi ndani? Ndi mayi wamasiye amene akulera adzukulu, ndi kamtsikana koti kakanakhala m'kalasi, anthu amene akumba tsiku lonse m'madzi ozizira n'kupatsidwa kandalama kosakwana olo sopo ndi mchere. Amene amabwera ndi njinga yamoto kapena kagalimoto kudzagula pa ndowa, n'kukadzaza matumba, n'kukagulitsa kutsidya mtengo wochuluka kangapo, ameneyo matope samukhudza ndipo pa boda katundu wake amadutsa ngati mbatata ya kachewere kapena amazembera njira zachidule. Mukamanga mayi uja mawa kubwera wina, chifukwa njala ikadalipo ndipo wogula akadalipo. Mwangowonjezera ana ogona ndi njala basi.

Komanso tisaiwale kuti anthu ozungulira Nyika ali ndi chilonda chakale. Pamene pakiyi inkakulitsidwa mu 1978 mabanja ambiri anasamutsidwa pa malo a makolo awo, anasiya manda, minda ndi malo opembedzera. Mukapita kwa mdzukulu wa anthu amenewo n'kumuuza kuti duwa ili ndi la boma ndi alendo ochokera kunja, iwe usaliyandikire, mukuganiza kuti alisamala bwanji? Chinthu chomwe wauzidwa kuti si chako umachitenga mothamanga, umazula chilichonse chomwe wachipeza lero chifukwa sukudziwa ngati mawa udzalowanso, ndipo sungataye nthawi kubwezera tsinde m'dzenje uku ukuyang'ana ngati alonda akubwera. Kuletsa kotheratu kumapha mwambo uja wa agogo wosiyako za mawa, n'kusiya kukumba kwakuba kokhakokha.

Ine ndikuti tiyambire kwa wogula wa matumba. Apolisi a pa malodibuloko ndi a pa boda amadziwa kugwira makala, amadziwa kugwira chimanga boma likaletsa kutulutsa kunja, amadziwa matabwa, koma ndi angati amene atatsegula thumba la chikande angadziwe kuti ichi ndi chomera chotetezedwa? Kuwaphunzitsa si ndalama zambiri, n'kungowaonetsa timbatatato m'manja. Wamalonda akadziwa kuti thumba lake likhoza kulandidwa ku Mchinji kapena ku Chitipa, phindu la geni imeneyi limatsika, ndipo kukumba kwa chisawawa kumatsika nako. Mpoto umodzi wa pakhomo sunathe dambo, chimene chikutha dambo ndi lole.

Kenako mphamvu ibwerere kwa eni dambo. Mafumu athu amadziwa kale kutseka ndi kutsegula zinthu. Ku Salima, pa chilumba cha Mbenje, mfumu imatseka usodzi miyezi ya mvula n'kudzatsegula nsomba zitaswana, ndipo mwambo umenewu wakhala ukuyenda kwa zaka makumi ambiri, asodzi amaumvera kuposa mmene amamvera malamulo a boma m'madoko ena. Nanga dambo lingakanike bwanji? Mfumu ndi anthu ake angathe kugwirizana kuti palibe wokumba maluwa asanafote ndi kumwaza njere, kuti mbali iyi ya dambo ipume zaka ziwiri zitatu uku tikukumba mbali inayo, kuti tsinde libwezeredwe pansi, kuti mlendo wobwera ndi ndowa kudzagula ayambe wafika kwa mfumu. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola kale makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, koma ambiri mwa makomiti amenewa akamakamba amangokamba za mitengo ndi makala, za dambo ndi zomera zing'onozing'ono zili m'menemo palibe amazitchula. Ndipo m'makomiti amenewa mukhale amayi okumbawo, chifukwa ndi amene amadziwa kuti chikande chomwe amati chachikazi ndi chiti, chomwe amati chachimuna ndi chiti, chimamera pati, chimachita maluwa liti. Nzeru zimenezo m'maofesi mulibe.

Ku Nyika komweko chitsanzo chilipo kale, anthu a m'midzi yozungulira amaloledwa kuika ming'oma ya njuchi m'paki n'kumakafula uchi mwadongosolo. Munthu amene ali ndi ming'oma m'menemo safuna moto wolusa chifukwa uwononga chuma chake. Mu 2023 boma linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, nde ndikupempha kuti pamene akuwerenga njovu ndi mbidzi awerengenso maluwa, ndipo akhale pansi ndi okumba chinaka ngati anthu, osati kungokumana nawo pa tsiku lowagwira. Kaya mkati mwa paki muyenera kukhala motsekedwa ndithu kuti mukhale ngati nkhokwe ya mbewu, ine ndikuvomera, koma ndiye madambo a kunja kwa mpanda athandizidwe kuti anthu akhale ndi pokumba pawo.

Wina anganene kuti bwanji osangolima basi, asayansi apeze njira. Anthu ayesa, a Royal Botanic Gardens ku Kew anagwirapo ntchito ndi Copperbelt University ku Zambia kuyesa kumeretsa njere za chikanda m'malabu ndi kuthandiza amayi a m'midzi. Ntchito imeneyo ndi yabwino ndipo ndikanakonda a National Herbarium ku Zomba, a bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM, a Mzuzu University ndi a LUANAR atapatsidwa ndalama zoti nawonso ailimbikire. Koma kumeretsa kambewu m'botolo ndi nkhani ina, kudzaza msika wa Lusaka ndi nkhani inanso, ndipo pakati pa ziwirizi pali zaka zambiri zomwe madambo athu sangadikire. Ku Turkey ali ndi vuto longa lomweli, kumeneko timbatata ta orchid amapangira ufa wotchedwa salep womwe amathira mu chakumwa chotentha ndi mu ayisikilimu wawo wotamuka uja, dziko lolemera kuposa ife, mayunivesite ambirimbiri, koma mpaka analetsa kutulutsa salep kunja chifukwa maluwa akutha m'mapiri, ndipo kukumbako kunangosamukira ku Iran. Nde tisadzinamize kuti labu itipulumutsa chaka cha mawa.

Ndipo ngakhale titagwira amalonda onse, pali mdani wina wosachita phokoso amene ndinamuona ndi maso anga kwathu kuja, kutha kwa dambo lenilenilo. Ulimi wa m'madimba timaulimbikitsa tonse ndipo ndi zoona umapulumutsa mabanja chaka cha chilala, sindingauze munthu kuti asiye kulima tomato kuti duwa likhale. Koma tafika polima mpaka pakatikati pa dambo, pa chinyontho penipeni pomwe madzi amasungika, kukumba zitsime ndi ngalande paliponse, kenako timadabwa kuti mtsinje womwe unkayenda chaka chonse ukuphwa mu Ogasiti. Dambo ndi siponji ya mudzi, limamwa madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Chikande chikasowa m'dambo chimakhala chikukuuzani kuti madzi nawonso ali m'njira. Nde kusiya kachigawo ka pakati osalima si kukondera duwa, ndi kusunga madzi a dimba lomwelo. M'mapiri namonso, ku Viphya, ku Zomba, ku Dedza, udzu wachilengedwe wambiri unasanduka nkhalango za paini, ndipo pansi pa paini wothithikana maluwa okonda dzuwa amenewa sakhalapo. Timakonda kuganiza kuti malo a udzu ndi malo opanda kanthu ofunika kubzalapo mitengo, nyengo yobzala mitengo ikafika aliyense amathamangira kukaika bulugamu m'mphepete mwa dambo n'kujambulitsa chithunzi, osadziwa kuti udzu umenewo ndi mudzi wa zomera zomwe kwina kulikonse kulibe. Moto nawo uli pawiri, moto wa msanga udzu usanaumitsitse maluwa amenewa amaupirira chifukwa amakhala ali pansi m'kambatata, ena mpaka amachita bwino pa lupsa, koma moto wa mu Okutobala chaka ndi chaka wa osaka mbewa umawotcha mpaka nthaka ya dambo louma.

Nafenso odya tili ndi gawo lathu, makamaka ife a m'tauni ndi abale athu ali ku Joni ndi ku UK omwe amaitanitsa chikande pa WhatsApp kuti chibwere ndi wapabasi. Sindikuti siyani, ine ndemwe sindinasiye. Koma chikhale chakudya cha apo ndi apo ngati kale, osati cha tsiku lililonse kapena chodzaza matebulo pa ukwati kuti theka likatayidwe. Ndipo mukamagula timbatata taiwisi pa msika yang'anani, ngati tili ting'onoting'ono ngati nsawawa dziwani kuti takumbidwa tisanakule, musagule, muuzeni wogulitsayo chifukwa chake. Amva kuwawa tsiku limenelo koma uthenga ukafika kwa amene amamupatsa katundu.

Tsiku lomaliza ndisananyamuke azakhali ananditengera kumunsi kwa dambo, kuseri kwa manda, komwe anthu salima chifukwa choopa malowo. Tinayenda m'matope mpaka pa kachigawo kakang'ono ka udzu wautali, iwo n'kupatula udzuwo ndi ndodo. Panali tisanu tokha, timitengo tofika m'bondo, maluwa ofiirira atayamba kufota kumunsi, kumtunda akadali otsegula. Ndinafunsa ngati anthu akudziwa kuti tilipo. Anati akudziwa amayi atatu okha a m'mudzimo, ndipo anapangana kuti asakumbe mpaka tichulukane, chaka chino ndi chachitatu, poyamba tinali tiwiri. Kenako anabwezera udzu uja mmene unalili, n'kundiuza kuti pobwerera tidzere njira ina kuti mapazi athu asapange kanjira.